Nthiti za nkhumba sizifuna moto waukali

Ikakwana 5 koloko madzulo, mageti a mafakitale a ku Makata amatseguka ndipo chikhamu cha anthu chimayamba kukwera mtunda kulowera ku Ndirande. Ena aweruka ku kampani yofulula mowa ya Castel, imene ambiri akuitchulabe kuti Carlsberg, ena ku fakitale ya nsalu ya Mapeto, ena m'magalaja ndi m'malo osungira katundu. M'njiramo pali fungo limodzi losasowa: kapado wa pa chiwaya. Mnyamata amadula nyama timapisi, kuiponya m'mafuta otentha, kuitembenuza kangapo, kenako kuiika pa pepala ndi kamchere ndi tsabola pambali. Wogula amadya ataimirira n'kupitiriza ulendo.

Kaphikidwe kameneka n'kabwino pa mnofu. Pa nthiti n'kolakwika, ndipo n'chifukwa chake ambiri mwa ife timaziona ngati nyama yotsalira, ya mafupa okhaokha, yongokukuta mpaka nsagwada kuwawa. Chikhalirecho ku Guangzhou, ku Seoul ndi ku Manila, nthiti zomwezi ndi ndiwo yolandirira alendo. Nkhumba ndi yomweyo. Chosiyana ndi moto ndi nthawi.

Nyama ya pakati pa nthiti ili ndi mitsempha yambiri komanso timinyewa toyera tolimba. Ikakumana ndi moto waukali, timinyewa timeneti timakungika, madzi n'kufinyikira kunja, nyama n'kuuma. Koma ikatokota pang'onopang'ono kwa ola limodzi kapena kuposerapo, timinyewato timasungunuka n'kusanduka msuzi wonanda umene umamata milomo. Aliyense amene anaphikapo mang'ina akudziwa zimenezi: palibe amene amawakazinga mphindi khumi n'kuyembekeza kuti afewa. Nthiti nazo zimafuna kuleza mtima komweko, kungoti sizitenga tsiku lonse.

Anthu a ku China ndiwo akatswiri pa nkhaniyi, ndipo m'pomveka, poti pafupifupi theka la nyama ya nkhumba imene imadyedwa padziko lonse imadyedwa kumeneko. Kumwera kwa dzikolo, ku Guangdong, kuli char siu, nyama yonyikidwa mu soya sosi, uchi ndi zonunkhiritsa kenako n'kuwotchedwa mpaka kunyezimira. Ku Shanghai ndi madera ozungulira amaphika nthiti zodulidwa tizidutswa mu shuga ndi vinega, zotsekemera zowawasira. A ku Korea amanyika nthiti zawo, zotchedwa galbi, mu soya sosi, adyo, mafuta a chitowe ndi madzi a chipatso cha peyala. A ku Philippines ali ndi adobo: vinega, soya sosi, adyo, tsabola wakuda, basi, mumphika. A ku Vietnam amayamba ndi kusungunula shuga mpaka ade, n'kuthiramo msuzi wa nsomba zothiridwa mchere. Maina ndi ambiri, koma mukaziyang'anitsitsa mupeza kuti onse akusewera ndi zinthu zinayi: chamchere, chotsekemera, chowawasa ndi chonunkhira.

Zimenezi si zachilendo kwenikweni ku Malawi kuno. Tinali pa ubale ndi Taiwan kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007, pamene boma linatembenukira ku Beijing, ndipo malo odyera achitchaina akhala alipo mu Blantyre kwa zaka zambiri. Kungoti zakudya zake zinakhala za m'malesitilanti a m'tauni, za anthu a ndalama zawo, osafika pa mbaula ya ku Makata kapena ku Bangwe. Ine ndimaona kuti m'pamene tinataya mwayi, chifukwa maphikidwe ambiri mwa amenewa anabadwira m'makhitchini opanda uvuni, a mphika umodzi ndi moto wa makala, ofanana ndi athu omwewa.

Tengani dengu mulowe mumsika wa Ndirande. Adyo alipo, jinja alipo, anyezi wa masamba, mandimu, kambuzi. Uchi amayenda nawo m'mabotolo. Bwemba amapezeka m'nyengo yake, ndipo ndi yemweyo amene a ku Thailand ndi ku India amathira m'ndiwo kuti iwawase. Chitowe chimalimidwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Shuga wabulawuni ndi wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Chinanazi chimachokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, pafupi pomwepa. Wofuna sinamoni, ma clove kapena star anise akafunse m'mashopu a amwenye ku Limbe. Pa zofunika kwenikweni, chinthu chimodzi chokha chimene mudzafunika kukwerera minibasi ndi soya sosi, amene amapezeka m'masitolo akuluakulu monga a ku Chichiri ndi m'mashopu a Matchaina. Zimandiwawa pang'ono kuti dziko lolima soya wochuluka chonchi ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe lizigula madzi a soya ochokera kutsidya la nyanja, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pogula botololo, werengani kumbuyo kwake. Soya sosi weniweni, monga wa Kikkoman wa ku Japan, amapangidwa ndi soya, tirigu, mchere ndi madzi, zimene zimasiyidwa miyezi ingapo kuti zisase. Alipo ena otsika mtengo amene ndi madzi amchere othira mtundu ndi zokometsera za m'fakitale. Amagwira ntchito, koma fungo lake ndi losalowerera. Soya sosi wina amakhala wopepuka ndi wamchere kwambiri, wina wakuda bii, wokhuthala, wongopereka mtundu. Ngati ndalama ikukwana botolo limodzi, tengani wopepukayo. Mtundu ubwera ndi shuga.

Tsopano nyama. Apa m'pofunika maso. Nkhumba zambiri zimene zimadyedwa m'makwalala athu zimachokera m'midzi yozungulira mzindawu, ndipo si zonse zimene zimaonedwa ndi alangizi a ziweto zisanaphedwe. Nyama yabwino imakhala yofiirira mopepuka, mafuta ake oyera, yosanunkha, yosaterera. Mukaona timatuza toyera tating'onoting'ono tobisala mumnofu, isiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo motani. Timeneto ndi ana a nyongolotsi ya m'mimba imene munthu amaitenga akadya nyama yosapsa bwino, ndipo mazira a nyongolotsiyo akalowa m'thupi la munthu kudzera m'zakudya kapena m'manja mosasamba, amatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Palinso chigodola cha nkhumba. Matendawa sagwira anthu, koma amapululutsa makola, ndipo alibe mankhwala. Atafika ku China mu 2018 anapha nkhumba mamiliyoni. Boma likaletsa kugulitsa ndi kuyendetsa nkhumba m'dera, amene akukugulitsani mobisa mwina akukupatsani yofa yokha.

Pa butchala muuzeni wodulayo kuti mukufuna nthiti zokhala ndi mnofu pamwamba, asazisenge mpaka fupa. Ambiri amadula ndi chikwanje, ndiye pemphani kuti amenye kamodzi mwamphamvu, tizidutswa totalika ngati chala, chifukwa kugogoda kawirikawiri kumasiya tizibenthu ta mafupa timene timavulaza ana. Kunyumba mutsuke bwino, muchotse kachikopa kopyapyala ka mkati mwa nthiti ngati kalipo. Kamatsekereza zokometsera, ndipo kakapsa kamatafunika movuta.

Pa kilogalamu imodzi ya nthiti, sakanizani masupuni akuluakulu asanu a soya sosi, awiri a shuga wabulawuni, awiri a vinega kapena madzi a mandimu, adyo wosinja theka la mutu, jinja wotalika ngati chala chachikulu, ndi kambuzi mmodzi. Mmodzi, ndatero. Kambuzi ali ndi fungo lokoma kuposa tsabola wambiri wa kunja, koma awiri amaphimba zina zonse, ndipo wofuna moto wambiri angathe kudzithirira Nali m'mbale mwake. Mchere musathire ngakhale pang'ono. Supuni imodzi ya soya sosi imakhala ndi mchere wopitirira magalamu 2, pamene bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku. Dzanja lathu linazolowera kutapa mchere poto akangokhala pamoto, ndipo apa m'pamene ambiri amaonongera ndiwo. A matenda othamanga magazi achepetse soyayo, aonjezere mandimu ndi jinja.

Za kunyika nyama usiku wonse anthu amazikokomeza. Chimene chimalowa mkati mwa mnofu ndi mchere. Adyo, jinja ndi shuga zimangokhala kunja. Ngati muli ndi filiji ndipo magetsi akuyaka, inyikeni maola awiri kapena mpaka m'mawa, palibe cholakwika. Ngati mulibe, musayerekeze kusiya nyama yaiwisi pa shelefu m'kutentha kwa Okutobala poganiza kuti vinega aiteteza. Theka la ola likwanira, zotsalazo zichitikira mumphika. Chinanazi chachiwisi ndi papaya wosapsa zimafewetsadi nyama, chifukwa zili ndi mphamvu yodula minyewa, koma zikakhalitsa kupitirira ola nyama imasanduka phala kunja kokha, mkati ikadali yolimba. Ine ndimakonda kuthira chinanazi kumapeto, chifukwa cha kukoma kwake basi.

Ophika a ku China amayamba ndi kufutsa. Amaika nthiti m'madzi ozizira, n'kuziteleka mpaka ziwire mphindi zochepa, thovu lakuda liyandame, kenako amataya madziwo n'kutsuka nyamayo. Zimachotsa fungo lija limene limachititsa anthu ena kudana ndi nkhumba, ndipo msuzi umatuluka woyera. Mukasankha njira imeneyi, kunyika kulibe ntchito: futsani, tsukani, bwezerani mupoto, thiranimo zosakaniza zija ndi madzi ongofika pamwamba pa nyama, vundikirani.

Mbaula ili ndi khalidwe lake. Makala akangoyaka kumene moto umakhala wolusa, ndiye nthawi imeneyo muphikire nsima kapena mpunga, kapena mufutsire nyama. Akayamba kuchita phulusa loyera pamwamba, m'pamene poto wa nthiti akhalepo. Msuzi uzingophulika timathovu apa ndi apo, osati kubwadamuka. Moto ukachuluka, phulani makala angapo kapena tsekani kachitseko ka mbaula. Pakatha ola, bayani ndi foloko. Ikalowa mosavuta ndipo mnofu wayamba kubwerera m'mbuyo kusiya nsonga ya fupa poyera, zapsa. Nkhumba yakumudzi, yoyenda yokha, imatha kufuna ola limodzi ndi theka. Ubwino wake makala ofunika ndi ochepa, ndipo masiku ano thumba la makala si loseweretsa. Phiri la Ndirande lomwe linatsala lambee likuchitira umboni.

Mphindi khumi zomaliza ndizo zimasiyanitsa nthiti zowiritsa ndi nthiti zimene anthu amanyambita zala. Vundukulani, yengulani mafuta oyandama musunge okazingira mbatata, onjezerani moto pang'ono kuti msuzi uphwe. Ukayamba kukhuthala thirani supuni ya uchi, ndipo kuyambira apa musachoke, foni ilire ilire. Muzitembenuza nyama mosalekeza mpaka msuzi utamatirira pa fupa lililonse n'kumawala. Shuga ndi uchi zimachoka pa kufiira kufika pa kupserera m'kanthawi kochepa zedi, ndipo zikapserera kuwawa kwake sikuchotseka. Ofuna fungo la utsi azichotse mupoto msuzi usanaphweretu, aziike pa waya pamwamba pa makala ozirala, azizipaka msuziwo uku akutembenuza. Cholakwa chofala pa mabraai a m'mapwando ndicho kuika nthiti zaziwisi zopakidwa uchi pa moto wa malawi: kunja zimada ngati khala, mkati magazi ali chuchuchu. Ndipo msuzi umene munanyikamo nyama yaiwisi usafike patebulo usanawire.

Mukaphula, wazani chitowe chokazinga ndi anyezi wa masamba woduladula. Mpunga wa Kilombero umagwirizana nazo kwambiri, poti fungo lake silikangana ndi jinja. Ndi nsima zimathekanso, koma musaphwetse msuzi wonse, apo ayi a m'nyumba adzafunsa kuti asunsa chiyani. Pambali pakhale chowawasa choti chidule mafuta: kabichi wodula mopyapyala wothira mandimu, kapena nkhaka ndi tomato. Akuluakulu ena akalawa koyamba amakwinya nkhope, ati ndiwo yanji yothira shuga. Musalimbane nawo. Ulendo wotsatira chepetsani shuga ndi theka, muonjezere bwemba, muone ngati mbale yawo ibwerere ndi kanthu.

Pali chinanso choyenera kukumbukira m'nyumba zathu za lendi, momwe khonde ndi limodzi, mpopi ndi umodzi, ndipo kubwerekana ziwiya ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Asilamu sadya nkhumba, a Seventh Day nawonso sadya, ndipo ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Machinjiri amenewa ndi anansi athu a khomo loyandikana. Poto wa nkhumba akhale wake wake, ndipo musabwereke chiwaya kapena mpeni wa mnzanu osamuuza chimene mukukaphika. Mukafuna kuti nawonso alawe, msuzi womwewu umakoma pa mapiko a nkhuku, amene amapsa mu theka la ola, ndi pa nthiti za mbuzi, zimene zimafuna madzi oonjezera ndi pafupifupi maola awiri. Za mbuzizo muchepetse uchi, muchulutse jinja, ndipo muziphike mupoto wina.