Thumba limodzi, maonekedwe awiri: kutchena ndi za pa kaunjika

Pali achinyamata amene tsiku lina amadzimva achimuna, lina achikazi. Pa Chingerezi amati genderfluid. Vuto n'lakuti thumba ndi limodzi, silingagule zovala za anthu awiri.

Apa kaunjika amathandiza, poti pa mulu palibe amene amakufunsani kuti mukugulira ndani. Sankhani shati yaikuluko, yopanda maluwa. Mukaipisira m'thalauza ndi maonekedwe ena, mukaimanga lamba pamwamba ndi enanso. Ikakhala yokhwepa kwambiri, telala wa pakhonde aibweza motchipa kusiyana n'kugula ina.

Komatu kumsewu si kuchipinda. Mu 2012 mavenda ku Lilongwe anavula akazi chifukwa cha mathalauza basi. Ndiye mukamadzera kudepoti, jekete yofundira pamwamba isasowe m'chikwama.