TIMAKEKE TA NTHOCHI NDI SOYA: CHAKUDYA CHOTOLATOLA CHOMANGA THUPI

Mau Oyamba

Mlangizi aliyense amene amayendera alimi a soya, kaya ndi ku Mchinji ndi Kasungu, ku Chipata ndi Lundazi, kapena ku Angónia, akudziwa chimene chimachitika mbewuyi ikapunthidwa. Matumba onse amapita ku msika, kawirikawiri pa nthawi imene mtengo uli wotsika, ndipo pakhomo sipatsala ndi lichero limodzi lomwe. Pakhomo lomwelo ana amalawirira ku sukulu ndi chimanga chokazinga m'thumba, ena osalawa kanthu. Kuseri kwa nyumba nthochi zimapsa mkoko wonse nthawi imodzi, ndipo zimene zayamba kuda makoko zimaponyeredwa nkhumba.

Kafukufuku wa zaumoyo amene anachitika m'Malawi mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Ku Zambia kafukufuku wa mtundu womwewo wa mu 2018 anapeza ana 35 mwa 100 aliwonse. Kupinimbira kuli ndi zifukwa zambiri, ndipo palibe chakudya chimodzi chimene chingathetse vutoli. Komabe nzomvetsa chisoni kuti mabanja amene amalima mbewu zomanga thupi ndiwo sazidya. M'nkhani ino tifotokoza njira imodzi yosavuta yothandiza kuti soya, mtedza ndi nthochi zidyedwe pakhomo: kuphika timakeke tating'ono, timene m'Chingerezi amati muffin. Kwa amayi athu chimenechi sichachilendo, pakuti ndi mbale wake wa chikondamoyo, chigumu ndi mkate.

Chimene Chili m'Nthochi ndi Chimene Mulibe

Nthochi yakupsa ndi chakudya chopatsa mphamvu. Ikamapsa, sitalichi wake amasanduka shuga, ndipo ndicho chifukwa nthochi ya mawanga akuda imatsekemera kuposa yachikasu. Ilinso ndi mchere wa potaziyamu ndi vitamini B6. Koma m'magalamu 100 a nthochi yosenda muli galamu imodzi yokha ya mapuloteni, ndiye kuti zomanga thupi. Ufa wa mgaiwa uli ndi magalamu pafupifupi 9 pa 100 aliwonse. Motero zitumbuwa kapena chigumu cha nthochi ndi mgaiwa wokha zimakhutitsa, koma sizimanga thupi mokwanira.

Soya ali ndi magalamu 36 mpaka 40 a mapuloteni pa 100 aliwonse, ndi mafuta pafupifupi magalamu 20. Mtedza uli ndi magalamu pafupifupi 25 a mapuloteni, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta.

Pali chinanso chofunika kuchimvetsa. Mapuloteni ndi opangidwa ndi tizigawo totchedwa ma amino acid, ndipo thupi limafuna tonse pamodzi. Chimanga chimaperewera tiwiri, lysine ndi tryptophan. Soya ali ndi lysine wambiri koma amaperewera methionine, amene m'chimanga alimo. Ziwirizi zikasakanizidwa zimakwaniritsana. Nzeru imeneyi ndi yomwe ili m'phala la Likuni ku Malawi ndi phala la HEPS ku Zambia, momwe chimanga chimasakanizidwa ndi soya. Timakeke tikunenati tikutsata nzeru yomweyo, kusiyana kwake nkwakuti mwana angathe kutinyamula m'chikwama.

Kakonzedwe ka Ufa wa Soya

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo amayi ena anataya mtima ndi soya chifukwa cha fungo lake. Soya wosaphika ali ndi zinthu ziwiri zosafunika. Choyamba ndi chimene akatswiri amachitcha trypsin inhibitor, chimene chimalepheretsa m'mimba kugaya bwino mapuloteni. Chachiwiri ndi lipoxygenase, chimene chimabweretsa fungo losakoma lija soya wosweka akakhudzana ndi madzi ozizira. Zonse ziwiri zimatha mphamvu ndi moto. Tsatani ndondomeko iyi:

1. Petani soya ndi kuchotsa miyala, zinyalala ndi njere zoola. Musamuviike m'madzi ozizira.
2. Tereka madzi ambiri, makapu atatu kapena anayi pa kapu iliyonse ya soya, mpaka abwate.
3. Thirani soya pang'onopang'ono kuti madzi asaleke kubwata. Awire kwa mphindi 30.
4. Tsanulani madziwo, muthire ozizira, ndipo fikisani ndi manja kuti makoko achoke.
5. Yanikani pa thandala kapena pa mphasa yoyera mpaka aume gwa. Pa dzuwa labwino zimatenga masiku awiri kapena atatu.
6. Kagayitseni ku chigayo, kapena sinjani ndi kusefa.

Ufa wa soya uli ndi mafuta, choncho suchedwa kusintha fungo. Gayitsani wokwanira milungu itatu kapena inayi basi, ndipo usungidwe m'chotengera chotseka bwino, pamalo ouma. Mtundu uliwonse wa soya ungagwire ntchitoyi, kaya ndi Magoye wa ku Zambia kapena Tikolore amene anatulutsidwa m'Malawi mu 2011.

Chenjezo pa Mtedza

Mabanja ambiri amagulitsa mtedza wabwino ndi kusunga wofota, wosweka ndi wa chuku kuti asinje nsinjiro. Chizolowezi chimenechi nchoopsa. Chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndi kuyambitsa khansa, ndiponso kafukufuku wasonyeza kuti ana amene amamudya kwambiri sakula bwino. Moto wophikira keke suthetsa poizoni ameneyu. Mtedza wa nsinjiro usankhidwe ndi manja, ndipo wofota, wosintha mtundu, wobooka ndi woola utayidwe. Aletseninso alimi kuwaza madzi pa mtedza pofuna kuti usavute kuswa, pakuti chinyontho chimenecho ndicho chimaitana chuku. Chenjezo lomweli likhudzanso chimanga.

Zofunika pa Timakeke 12

Kapu imene tikunena pano ndi ya mamililita 250.

Nthochi zakupsa kwambiri 4 zapakatikati (magalamu 400 zitasendedwa)
Ufa wa mgaiwa wosefa, kapu 1 (magalamu 120)
Ufa wa tirigu, kapu 1 (magalamu 120)
Ufa wa soya, kapu 1 yodzaza bwino (magalamu 100)
Nsinjiro, theka la kapu (magalamu 60)
Mazira 2
Chambiko, kapu 1
Mafuta ophikira, masupuni aakulu 3
Soda, supuni ya tiyi 1 yosasefukira
Mchere, theka la supuni ya tiyi

Nthochi za kabuthu, Williams ndi sukali zonse nzabwino, malinga zikhale zofewa. Zikapsa bwino shuga safunika, koma wofuna angathire masupuni aakulu awiri. Anzathu a ku Zambia adziwe kuti chambiko ndi mkaka wowawasa umene kwawo amati mabisi. Pamene chambiko palibe, thirani supuni yaikulu ya madzi a mandimu m'kapu ya mkaka ndi kudikira mphindi 10.

Kaphikidwe

1. Yambani ndi kukonza moto, pakuti zosakanizazi siziyenera kudikira.
2. Sefani ufa wonse pamodzi ndi soda ndi mchere m'mbale yaikulu, kenaka thirani nsinjiro.
3. M'mbale ina nyenyani nthochi mpaka zikhale phala. Swerani mazira, thirani chambiko ndi mafuta, ndipo takasani bwino.
4. Thirani zamadzizi mu ufa ndi kuvundula pang'ono chabe, mpaka ufa wouma usaonekenso. Timibulu tikatsala musadandaule.
5. Pakani mafuta m'zophikira ndi kuthiramo, kusiya gawo limodzi mwa magawo atatu kuti keke apeze pofufumira.
6. Phikani kwa mphindi 20 mpaka 25 pa moto wa madigiri 180. Bayani pakati ndi kamtengo koyera. Kakatuluka kosamata, apsa.

Nkofunika kuti mlangizi athe kufotokoza chifukwa cha malangizo amenewa. Soda akakumana ndi chowawasa cha m'chambiko ndi m'nthochi amatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo umafufumitsa keke. Zimenezi zimayamba nthawi yomweyo zouma zikakumana ndi zamadzi, nchifukwa chake moto uyenera kukhala wokonzeka. Ufa wa tirigu uli ndi gluten, chinthu chonanda chimene chimagwira mpweya uja kuti usathawe. Chimanga ndi soya zilibe gluten. Mukavundula kwambiri, gluten amalimba ndipo keke amatuluka wolimba ngati mphira. Soda akachuluka keke amamveka ngati sopo, ndiponso vitamini B1 amaonongeka.

Kuphika Popanda Uvuni

Mabanja ambiri alibe uvuni, koma chimenechi sichiletsa. Tengani mphika waukulu wa chitsulo, thiranimo mchenga woyera wouma kufika zala ziwiri kapena zitatu, ndipo tenthetsani pa mbaula kapena pa mafuwa. Kuti mudziwe ngati watentha mokwanira, ikani ufa pang'ono pa kachivundikiro m'katimo. Ukafiira pakapita mphindi zochepa, moto uli bwino, koma ukada msanga, phulaniko makala. Ndandalikani makapu achitsulo pamwamba pa mchenga, vundikirani ndi chitsulo chosalala, ndipo ikani makala amoto pamwamba, monga momwe amayi amachitira pophika chigumu. Moto wa pamwamba uchuluke kuposa wa pansi. Musavundukule mphindi 15 zoyamba zisanathe.

Zitini za chakudya zotsuka bwino zingagwire ntchito m'malo mwa makapu. Zitini zimene munali penti, mafuta a galimoto kapena mankhwala a mbewu zisagwiritsidwe ntchito ngakhale zitatsukidwa chotani.

Mapuloteni Ake Ngochuluka Bwanji?

Tiwerengere pamodzi, poyerekeza chabe. Nthochi zikupereka magalamu 4, mgaiwa 11, tirigu 12, soya 36, nsinjiro 15, mazira 12, ndipo chambiko 8. Zonse pamodzi ndi magalamu 98. Tikagawa pa timakeke 12, kalikonse kali ndi magalamu pafupifupi 8. Tikadaphika ndi nthochi zomwezo, madzi ndi magalamu 400 a mgaiwa wokha, tikadapeza magalamu 40, ndiye kuti magalamu 3 ndi pang'ono pa kalikonse. Mwana wolemera makilogalamu 20 amafuna magalamu pafupifupi 18 a mapuloteni pa tsiku. Motero kakeke kamodzi kamampatsa kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chimene thupi lake likufuna.

Onaninso kuti soya ndi nsinjiro zokha zikupereka magalamu 51 mwa 98 aja. Banja limene lilibe mazira kapena mkaka lingathire madzi osakaniza ndi mandimu pang'ono ndi kuonjeza nthochi imodzi, ndipo kakeke kalikonse kakhalabe ndi magalamu 6 kapena 7. Limene lilibe ndalama ya tirigu lingaike mgaiwa m'malo mwake. Keke safufuma kwambiri ndipo amanyenyeka, koma mapuloteni ake sasintha kwenikweni. Soya asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a ufa wonse, chifukwa akachuluka keke amalemera ndi kupserera msanga.

Kasungidwe ndi Kadyedwe

Timakeke tikapsa, tichotseni m'zophikira ndi kutisiya tizizire pa lichero loyera. Mukatitsekera m'pulasitiki tikadali totentha timachita thukuta ndi kuyamba chuku msanga. Poti muli nthochi, mazira ndi mkaka, tidyedwe pasanathe masiku awiri, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala ndi bwino kuti tithe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Chakudyachi ndi chotolatola, sichilowa m'malo mwa nsima, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Wopitirira miyezi 6 angapatsidweko pang'ono ponyenyera mu mkaka kapena m'phala, uku akuyamwabe. Anthu ena thupi lawo siligwirizana ndi mtedza, soya kapena mazira. Mwana akatupa milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika atadya, athamangitsidwe ku chipatala msanga.

Mau kwa Alangizi

Ife a kafukufuku wa mbewu timatha zaka zambiri kufuna mitundu yobereka kwambiri, koma ntchitoyo imakhala yoperewera ngati mbewuyo sifika m'mbale ya mwana wa mlimi. Pa chifukwa chimenechi tikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, nkhani ya kudya soya iyambe pa nthawi yokolola, matumba asanapite ku msika. Banja lophika timakeke kawiri pa mlungu limafuna magalamu 200 a ufa wa soya, ndiye kuti makilogalamu 10 ndi pang'ono pa chaka. Poonjezapo makoko otayika ndi soya wa phala, kupatula makilogalamu 25 nkokwanira, ndipo limeneli ndi theka chabe la thumba limodzi.

Chachiwiri, chionetsero chichitike ndi ziwiya za m'mudzi momwemo. Mukabwera ndi uvuni ndi sikelo, anthu adzati chakudyachi ncha ku tauni. Kukula kwa makapu kumasiyana, choncho gwiritsani ntchito kapu imodzi yomweyo poyeza zonse.

Chachitatu, abambo asasiyidwe. M'mabanja ambiri ndiwo amalamula za kugulitsa soya ndi mtedza, ndipo bambo amene walawa yekha savuta kuvomera kuti theka la thumba litsale.

Chachinayi, phunziro la kuphika liyendere limodzi ndi la ulimi wa nthochi. Matenda a chisaka, amene anayamba kuoneka m'Malawi m'zaka za m'ma 1990, anaononga minda yambiri ku Nkhotakota, Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje. Amafala ndi nsabwe za nthochi ndiponso ndi ana a nthochi odwala amene anthu amapatsana, ngakhale kudutsa nawo malire. Phata lodwala lizulidwe lonse ndi kuonongedwa, ndipo mbewu yatsopano ichokere ku gwero lodalirika.

Yesani kaye kunyumba kwanu kawiri kapena katatu musanakaime pamaso pa gulu. Moto wa mbaula iliyonse ngosiyana, ndipo amayi amene aphika chigumu zaka zambiri adzakufunsani mafunso ofuna munthu amene anagwirapo mthiko.