Chitsamba cha m'dothi lamchere: maluwa ake ndi mmene chimaberekera

Alimi anzanga, ambiri mwa inu mudaonapo malo amene dothi limachita mbuu ngati lawazidwa ufa m'nyengo yachilimwe, monga madera ena a ku Chikwawa, Nsanje ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Choyeracho ndi mchere, ndipo chimanga pamalo otere chimangopinimbira. Mu phunziro lino tiona chitsamba china cha m'chipululu chimene alimi a maiko ouma amadyetsera nkhosa ndi mbuzi pa dothi lotere. Si chakuno, koma mmene chimaberekera chikutiphunzitsa zofunika kuyang'ana tisanatole mbewu ya chomera chilichonse cha ziweto.

Kwawo kwa chitsambachi ndi mkati mwa dziko la Australia, komwe mvula ndi yochepa kwambiri. Kumeneko amachitcha old man saltbush, ndipo akatswiri amachilemba kuti Atriplex nummularia. Chimatalika mamita awiri mpaka atatu, masamba ake ndi otuwa. Alimi a ku Karoo, dera louma la ku South Africa, adachitenga kalekale ndipo amachidalira pa chilala. Chili m'banja limodzi ndi bonongwe wathuyu. Mchere umene chimayamwa m'nthaka chimausunga m'timatumba ting'onoting'ono pamwamba pa tsamba, n'chifukwa chake ziweto zodya chitsambachi zimafuna madzi abwino ambiri.

Tsono za maluwa. Mukaona chiluwe cha maungu, chachikasu chowala, mumadziwa kuti chikuitana njuchi. Duwa la chitsambachi lilibe zokongola zotere. Ndi timaluwa tating'ono kwambiri tounjikana pamodzi, ndipo munthu angathe kudutsa pambali osadziwa kuti chachita maluwa. Chifukwa chake n'chakuti mungu wake sudalira njuchi, umanyamulidwa ndi mphepo. Zimenezi si zachilendo kwa inu: ndi mmene mungu wochoka pa ngayaye umafikira pa ndevu za chimanga. M'chipululu, momwe tizilombo touluka timachepa nyengo zina, mphepo ndiyo siisowa.

Kusiyana kwake ndi chimanga n'kumene mukuyenera kugwiritsitsa. Phesi limodzi la chimanga lili ndi zonse ziwiri, ngayaye pamwamba ndi ndevu pakati. Chitsambachi nthawi zambiri chimakhala ngati papaya: tsinde lina n'lachimuna, lina n'lachikazi. Lachimuna limatulutsa timaluwa kunsonga kwa nthambi, momwe mphepo imawomba bwino, ndipo silibereka mbewu ngakhale imodzi. Lachikazi ndilo limagwira mungu. Duwa lake lili pakati pa timasamba tiwiri tomwe timakula mungu ukalowa, n'kukuta kambewu kamodzi ngati kachikwama kouma.

Mlimi wosadziwa izi amalakwitsa m'njira ziwiri. Wina amaona zitsamba zosabereka n'kuzidula zonse kuti n'zopanda ntchito, ndiye chaka chotsatira zazikazi zimatulutsa tizikwama tambiri topanda kanthu mkati. Wina amadula timitengo tobzala kuchokera ku tsinde limodzi lokha limene lamusangalatsa. Timitengoti timatengera kholo lake, choncho munda wonse umakhala wachimuna wokhawokha kapena wachikazi wokhawokha. Masamba a ziweto apezeka ndithu, koma mbewu ayi. Vuto n'lakuti mbande ili pa nazale simungaidziwe kuti ndi iti mpaka itachita maluwa. Wofuna mbewu amasunga zonse ziwiri. Tsinde limodzi lachimuna limakwanira zazikazi zingapo, bola likhale mbali imene mphepo imachokera ndipo lisatalikirane nazo. Komanso ziweto zisalowe nthawi ya maluwa, pakuti nsonga zanthete zimene zimayamba kudyedwa ndi zomwezo zonyamula mungu.

Pali mtundu wina wa banja lomweli ku America, Atriplex canescens, umene akatswiri adaona kuti tsinde lina limasintha: chaka chino lachikazi, koma chilala kapena kuzizira kukavuta, chaka chinacho limatulutsa maluwa achimuna.

Popeza mungu umachokera ku tsinde lina, mbande zochokera ku mbewu sizifanana. Zina nkhosa zimazidya mpaka kutsala timitengo, zina zimangozinunkhiza n'kupita, ngakhale zonse zili pamzere umodzi. Bungwe lofufuza la ku Australia la CSIRO lidasankha tsinde limene nkhosa zimalikonda ndipo mu 2014 lidalitulutsa kwa alimi ndi dzina loti Anameka. Limachulukitsidwa ndi timitengo todula, osati mbewu, kuti ubwino wake usasochere. Ine ndimaona kuti apa mlimi ayenera kusankhiratu chimene akufuna. Mbewu ndi yotchipa ndi yosavuta kunyamula, koma simudziwa chimene chimere. Timitengo n'tovuta kusamala pa nazale, koma mumadziwa chimene mwabzala.

Mbewu yomwe yakhwima nayo ili ndi kakhalidwe kake. Kachikwama koikuta kaja kamakhala ndi mchere umene umailetsa kumera. M'chipululu zimenezi zimaithandiza: kamvula kowaza sikangainyenge kuti imere n'kupserera, imadikira mvula yamphamvu yotsuka mcherewo. Pa nazale amaiviika m'madzi n'kumasintha madziwo kangapo asanafese, kapena amasenda kachikwamako. Wofesa osaviika amaganiza kuti adamugulitsa mbewu yakufa. Dziwaninso kuti ku South Africa chitsambachi chidafalikira chokha kunja kwa minda mpaka boma lidachiika pa mndandanda wa zomera zoyenera kulamuliridwa. Musapemphe wachibale ali ku Joni kuti akutumizireni mbewu m'thumba. Mbewu yochokera kunja imafuna chilolezo cha a zaulimi.

Ntchito ya gulu sabata ino ili m'munda wathu wophunzirira. Bwerani ndi nsalu yakuda kapena pepala lakuda. Mame akangouma m'mawa, gwedezani ngayaye pamwamba pa nsaluyo, muone ufa wachikasu umene ugwe, ndipo muone mbali imene wotsalawo ukuulukira. Chitani chimodzimodzi ndi bonongwe wa maluwa. Kenako gulu lililonse liwerenge mitengo ya papaya yapafupi, ingati yachimuna ndi ingati yachikazi, ndipo mlembi alembe mtunda wa pakati pake m'mapazi.