Ntchito Yodziitana Yokha

Tsiku la msika pa Nsaru kapena pa Namitete simulephera kupeza amuna atazinga bawo pansi pa mtengo. Anzanga, taimani pang'ono mupenye dzanja la wosewerayo. Atapa njere m'dzenje limodzi naziponya imodzi imodzi m'maenje otsatira. Njere yotsiriza ikagwa m'dzenje muli zina, atapanso zonsezo napitirira monga poyamba. Ikagwa m'dzenje lopanda kanthu, dzanja liima. Za kudya njere za mnzake tizisiye lero.

Lamulo lake ndi lalifupi: ponya njere, ndipo ukathera pamene pali zina, chitanso lamulo lomweli. Taonani kuti lamuloli lidzitchula lokha m'kati mwake. Akatswiri a makompyuta atcha zimenezi recursion, ndiko kunena ntchito yodziitana yokha. M'zinenero zina zolamulira kompyuta, monga ML, chimene Robin Milner anayamba ku Edinburgh m'zaka za m'ma 1970, ndi Haskell cha mu 1990, imeneyi ndiyo njira yaikulu yobwerezera ntchito.

Tinene kuti mufuna kudziwa kulemera kwa matumba a mtedza ali pa ngolo. Muuza kompyuta malamulo awiri okha. Loyamba: pa ngolo pakakhala popanda thumba, yankho ndi 0. Lachiwiri: pakakhala matumba, tsitsa limodzi, ufunse funso lomwelo pa otsalawo, ndipo yankho likabwera uwonjezepo kulemera kwa thumba watsitsa lija. Tsono pakhale matumba atatu, la makilogramu 50, la 45 ndi la 40. La 50 litsika nilidikira, la 45 chimodzimodzi, la 40 chimodzimodzi. Ngolo yatha, yankho ndi 0. Pamenepo mayankho ayamba kubwerera m'mbuyo: 40, kenaka 85, potsiriza 135. Ntchito yotsala yodikira yankho ija nayonso ili ndi dzina lake, continuation.

Ambiri a ife poyamba kuphunzira tiiwala lamulo loyamba lija, poyesa kuti nlachabe. Koma ndilo dzenje lopanda kanthu la pa bawo. Popanda polekezera kompyuta ingofunsabe osaleka, ntchito zodikira ziunjikana kufikira malo osungira atha, ndipo zonse ziima popanda yankho. Ngakhale bawo lomwe lili ndi msampha wotere, pakuti mu 2006 ofufuza a ku Holland anaonetsa kuti m'bawo la ku Zanzibar njere zitha kukhala mwa njira yakuti wosewera angoponya osatha.

Nanga m'thumba lachiwiri mukapezeka mchenga? Kuwerengabe nkutaya nthawi. ML ilola ntchito kukuwa mfuu, imene aitcha exception. Mfuuyo ilumpha ntchito zonse zodikira, nikafika kwa iye amene anakonzeka kuilandira, monga mwini ngolo amene alamula kuti malonda aime.

Chimene ine ndikonda koposa m'zinenerozi ndi chakuti chinthu chilichonse chili ndi mtundu wake, ndipo kompyuta iyesa mitunduyo isanayambe ntchito. Mukalemba molakwa kuti iphatikize dzina la mudzi wa Kabudula pa makilogramu 50, ikana pomwepo, thumba loyamba lisanatsike pa ngolo.