Bola ya m'komboni: geti inatsekedwa, nkhongole zinapitiriza kulowa

Kondakitala aliyense amadziwa masamu awa: basi ikanyamuka pa Kulima Tower ndi anthu asanu cabe, imamwa mafuta cimodzimodzi monga yadzaza. Ndiwo masamu amene avutitsa matimu ang'onoang'ono a bola kucokera pamene korona inapezeka mu Zambia pa 18 March 2020.

Mwezi womwewo FAZ inaimitsa maligi. Super League inabwerera mu July popanda masapota, koma inadulidwa panjira, Nkana n'kutenga cikho. Matimu aakulu analira, inde, koma ambiri ali ndi potsamira. Zesco United ili ndi kampani ya malaiti, Zanaco ili ndi banki, Green Buffaloes ndi ya asilikali, Nkwazi ndi ya apolisi. Mwezi ukatha, pali ofesi yopitako.

Manje tsikani pansi, ku Division One ndi maligi a m'maprovinsi, kumene kumasewera anyamata a ku Matero, Chawama, Kanyama ndi George. Kumeneko timu zambiri zimapuma ndi zinthu zitatu: tundalama twa pa geti ngati bwalo lili ndi mpanda, zosonkha za masapota, ndi thumba la munthu mmodzi wokonda bola, mwina wa bala, wa shopu kapena wa mabasi. Korona inagunda zonse zitatu nthawi imodzi. Kusonkhana kunaletsedwa, mabala anatsekedwa kumapeto kwa March, ndipo bizinesi ya abwana itadwala, timu inadwala nayo.

Koma zolipira sizinakhale panyumba. Masewera atayambanso, basi yopita ku gemu ya kutali inafuna ndalama, marefu anafuna zao, anyamata anafuna nsima ndi madzi. Pamwamba pake panabwera mamasiki ndi sanitaiza. Kwacha nayo sinacite cifundo: kumayambiriro kwa 2020 dola imodzi inali pafupifupi K14, caka pomatha inali itadutsa K21. Mpira, majezi ndi nsapato zambiri zimacokera kunja, ndiye mtengo unakwera pomwepo.

Amene cimamupweteka kwambiri ndi wosewera. M'maligi a pansi ambiri alibe malipiro a pamwezi. Amadalira kabonasi timu ikawina. Palibe gemu, palibe ndalama, koma alandilodi sanafune kumva za korona. Mnyamata amasiya trening'i kukasaka pisiweki, kukagulitsa ku Soweto, kapena kukakhala ng'wang'wazi pa sitesheni. Akazolowera ndalama ya tsiku ndi tsiku, kumubweza pa bwalo n'kovuta.

FIFA inalonjeza 1 miliyoni ya madola ku bungwe la bola la dziko lililonse, ndi 500,000 ina ya bola ya azimai. Ndalama zambiri pozimva, koma mukaganiza za matimu onse a m'maprovinsi 10, ndi ndiwo zocepa pa banja lalikulu.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga ise cikutikhudza bwanji?" Onani Patson Daka, amene anasaina ku Leicester City mu June 2021, ndi Enock Mwepu, amene anapita ku Brighton mu 2021. Onse awiri anadutsira ku Kafue Celtic, timu yaing'ono ya kuno kufupi. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kucoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe ku matimu amene anamulera ali ndi zaka 12 mpaka 23. Koma kuti timu ilandire, iyenera kukhala ikali moyo, ndipo mapepala a mwanayo akhale olembetsedwa bwino. Timu ikafa lero, ndalama ya mawa yafa nayo, ndipo mwana waluso amatsalira pa sitesheni.

Ndiye mageti akatseguka, osadumpha mpanda, osanena kuti "ndine m'bale wa kochi". Lipirani. Ka K10 kanu ndiko kamafikitsa timu ku gemu yotsatira.