Mlandu wa Sukulu za ku Anoka: Lamulo Limene Linatseka Pakamwa Aphunzitsi

Mwezi uno tifuna kufotokozera owerenga athu za mkangano umene unabuka m'sukulu zina za ku America. Ndi nkhani ya kutali, ndipo miyambo ndi malamulo a kumeneko si ofanana ndi a kuno kwathu. Komabe munthu aliyense amene anatumizapo mwana kusukulu, kapena amene anakhalapo m'komiti ya sukulu, adzaimva bwino lomwe. Funso lake linali ili: kodi mphunzitsi anene chiyani pamene mwana akuzunzidwa ndi anzake pa chifukwa chimene makolo ambiri safuna kuti chitchulidwe m'kalasi?

Kumene zinachitika

Dziko la United States of America lili ndi madera 50, ndipo dera lililonse lili ndi boma lake ndi nyumba yake ya malamulo. Limodzi mwa maderawo ndi Minnesota, kumpoto kwenikweni, kumalire ndi Canada, kumene kumazizira koopsa. Mzinda waukulu wa kumeneko ndi Minneapolis. Kumpoto kwa mzindawu, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, kuli tauni ya Anoka ndi matauni ena oyandikana nayo, ndipo sukulu za boma za m'matauni amenewa zili pansi pa ulamuliro umodzi wotchedwa chigawo cha sukulu cha Anoka-Hennepin. Pa nthawi ya nkhani yathuyi chigawochi chinali ndi ana asukulu pafupifupi 38,000, ndipo chinali chachikulu kuposa zigawo zonse za m'Minnesota.

Owerenga adziwe kuti ku America sukulu siziyendetsedwa kuchokera ku likulu la dziko. Pafupifupi chigawo chilichonse chili ndi komiti yake imene anthu a komweko amasankha pa voti, ndipo komitiyo ndiyo imalemba aphunzitsi ntchito ndi kuika malamulo a sukulu. Komiti ya Anoka-Hennepin ili ndi mamembala 6. Chotero makolo ali ndi mphamvu ndithu, pakuti membala wosamvera madandaulo awo angathe kumuchotsa pa chisankho chotsatira.

Adziwenso kuti kumeneko si mlandu mwamuna kukondana ndi mwamuna mnzake kapena mkazi ndi mkazi mnzake. Bwalo Lalikulu la milandu la dzikolo linagamula chomwecho mu 2003, ndipo Minnesota inali itaika kale lamulo mu 1993 loletsa kusala anthu otere pa ntchito ndi pa maphunziro. Koma lamulo ndi lina, mitima ya anthu ndi ina. Mabanja ambiri a m'chigawochi ndi opemphera kwambiri, ndipo amakhulupirira kuti khalidwe limeneli ndi tchimo.

Malamulo awiri a komiti

Mu 1995 komiti ya sukulu inaika lamulo lakuti pa maphunziro a zaumoyo ana asaphunzitsidwe kuti kukondana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi moyo wabwinobwino. Lamulo limeneli linakhala zaka 14. Mu Febuluwale 2009 komiti inalichotsa niika lina limene inaganiza kuti lidzakomera onse. Lamulo latsopanoli linati nkhani imeneyi si mbali ya maphunziro a sukulu, ndipo malo ake oyenera ndi kunyumba, kutchalitchi ndi m'mabungwe a m'mudzi. Linanenanso kuti aphunzitsi ndi antchito onse a sukulu, pamene ali pa ntchito, asatenge mbali pa nkhaniyi.

Pa pepala mawuwa akuoneka anzeru. Ndani angakane kuti mphunzitsi wa masamu aziphunzitsa masamu, nasiya za chikhulupiriro kwa makolo ndi abusa? Vuto linali pa mawu akuti kusatenga mbali, pakuti lamulolo silinafotokoze tanthauzo lake.

Taganizani mphunzitsi amene akudutsa pakhonde namva anyamata atatu akutukwana mnzawo kuti ndi mwamuna wofuna amuna anzake. Akawauza kuti, "Lekani phokoso," walankhula za phokoso chabe, ndipo mawa adzayambiranso. Akawauza kuti, "Mawu amenewo ndi onyoza, mnzanuyu ndi munthu ngati inu nomwe," kodi watenga mbali kapena sanatenge? Nanga mwana wozunzidwayo akabwera yekha madzulo namufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi ine ndine woipa?" amuyankhe chiyani? Akati iyayi, kholo lina lingathe kukamuneneza kwa akuluakulu. Akangokhala chete, mwanayo wamva yankho lake. Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Aphunzitsi ambiri anafotokoza pambuyo pake kuti sanali kudziwa pamene malire anali, ndipo munthu woopa kuchotsedwa ntchito amasankha njira yosavuta, ndiyo kuyang'ana kumbali.

Akuluakulu a chigawo anali kuyankha kuti panali lamulo linanso loletsa kuzunza mwana aliyense pa chifukwa chilichonse, ndi kuti lamulo la kusatenga mbali linali lokhudza zophunzitsa zokha. Zimenezi zinali zoona. Koma malamulo awiri akamakokana, wantchito amamvera limene lingamulowetse m'mavuto msanga.

Tinene pano chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala. Mawu otukwanawa sagwera ana okhawo amene alidi otero. Amagwera mnyamata aliyense wofatsa, wa mawu aang'ono, wokonda kuimba kusiyana ndi mpira, ndiponso mtsikana aliyense wometa tsitsi kapena wokonda masewera a anyamata. M'chaka chomwecho cha 2009 chigawochi chinalipira madola 25,000 kwa mnyamata wina amene anadandaula kuti aphunzitsi awiri anali kumuseka m'kalasi pomunena kuti amakonda amuna anzake. Ofesi ya boma la Minnesota yoona za ufulu wa anthu inapeza kuti dandaulo lake linali ndi maziko. Mnyamatayo sanali wotero nkomwe.

Maliro

Pakati pa 2009 ndi 2011, m'zaka zosakwana ziwiri, manyuzipepala anawerenga achinyamata 9 a m'chigawochi amene anadzipha. Akuluakulu a zaumoyo a Minnesota anaona kuti imfazi zachuluka mopitirira muyeso pa malo amodzi, nachenjeza kuti imfa ya mwana mmodzi ingathe kukopa wina amene ali kale ndi nkhawa. Abale ndi anzawo a ena mwa anawo ananena kuti malemuwo anali kutonzedwa kusukulu chifukwa anali okonda amuna kapena akazi anzawo, kapena chifukwa anzawo anangowaganizira chomwecho.

Apa tiyenera kuyenda mosamala. Madokotala amati munthu sadzipha pa chifukwa chimodzi chokha. Kawirikawiri pamakhala matenda a maganizo, mavuto a kunyumba ndi zina zambiri, ndipo mwana wotere akapeza womumvera ndi chithandizo angathe kupulumuka. Mkulu woyang'anira sukulu zonse za m'chigawocho, Bambo Dennis Carlson, ananena kumapeto kwa 2010 kuti kufufuza kwawo sikunapeze umboni wakuti kuzunzidwa ndiko kunachititsa imfazo. Makolo ena ofedwa anapwetekedwa mtima kwambiri ndi mawu amenewa. Palibe bwalo limene linagamula kuti lamulo la komiti linapha mwana. Chimene chinaonekera poyera n'chakuti ana ambiri amoyo anayamba kuulula zimene anali kukumana nazo.

Kuyambira pamenepo misonkhano ya komiti, imene kale inali ya anthu owerengeka, inayamba kudzaza. Mbali ina kunali ana asukulu, makolo ofedwa ndi aphunzitsi ena, opempha kuti lamulo lichotsedwe. Mbali ina kunali makolo amene mu 2010 anayambitsa bungwe lotchedwa Parents Action League, ofuna kuti lamulo likhalebe. Makolo amenewa sanali kunena kuti ana azimenyedwa. Mantha awo anali akuti phunziro loletsa kuzunzana lidzasanduka khomo lolowetsera chiphunzitso chotsutsana ndi chimene iwo amaphunzitsa ana awo kunyumba, ndi kuti mwana wonena za chikhulupiriro chake adzayamba kutchedwa wozunza anzake. Nkhawa yotere si yopanda pake, ndipo kholo lililonse lingaimvetse. Chimene iwo sanathe kuyankha bwino ndi funso la mphunzitsi uja wa pakhonde.

Nkhani ipita ku bwalo

Mu Julaye 2011 mabungwe awiri a maloya, Southern Poverty Law Center ndi National Center for Lesbian Rights, anasumira chigawochi ku bwalo la milandu m'malo mwa ana asanu, ndipo mwezi wotsatira anawonjezerapo mwana wachisanu ndi chimodzi. M'masamani awo anawo anati anali kutukwanidwa tsiku ndi tsiku, kukankhidwira ku makabati achitsulo osungiramo mabuku, kubayidwa ndi pensulo ndi kuuzidwa kuti akadziphe. Anati akakanena kwa akuluakulu anali kungouzidwa kuti asazisamale kapena azizemba anzawowo. Si onse amene anali okonda amuna kapena akazi anzawo. Nthawi yomweyo maofesi awiri a Boma lalikulu la ku Washington, ya zachilungamo ndi ya zamaphunziro, anali kufufuzanso nkhaniyi.

Mlanduwu sunafike pozengedwa mpaka chigamulo. Pa 13 Febuluwale 2012 komiti inachotsa lamulo la kusatenga mbali niika lina. Owerenga aone bwino kusiyana kwake, pakuti ndi pamene pagona nkhani yonse. Lamulo latsopano linasunga chimene makolo anali kufuna: mphunzitsi asakope ana kuti atsate maganizo ake pa nkhani zokanganitsa za ndale, za chipembedzo kapena za makhalidwe. Koma linawonjezera chimene chinali kusoweka: antchito a sukulu azisonyeza kuti mwana aliyense ndi wolemekezeka ndi wofunika, kaya akhale wa mtundu wanji, wa mpingo wanji, wolumala kapena wokonda yani. Tsono mphunzitsi saloledwa kugamula mkangano wa akuluakulu, koma ali ndi chilolezo cholembedwa choimira mwana amene ali patsogolo pake.

Pa 5 Malichi 2012 komiti inavomera pangano lothetsa mlandu, mamembala 5 kuvomera, mmodzi kukana. Wokanayo anatula pansi udindo wake. Ana asanu ndi mmodziwo anagawana madola 270,000, olipidwa ndi kampani ya inshuwalansi. Ndalamazo zinali zochepa poyerekeza ndi ntchito imene chigawo chinalonjeza kuchita kwa zaka zisanu, Boma lalikulu likuyang'anira: kuitana akatswiri kuti aunike malamulo ake, kuphunzitsa aphunzitsi onse chochita akaona mwana akuzunzidwa, kufunsa ana chaka ndi chaka za mmene akukhalira, kupeza katswiri wa matenda a maganizo, ndi kufufuza malo amene nkhanza zimachitikira kawirikawiri kuti pazikhala munthu wamkulu. Aliyense amene anaphunzirapo sukulu yogonera komweko akudziwa kuti nkhanza sizichitikira pamaso pa mphunzitsi wamkulu, koma kuseri, kumene akuluakulu safikako.

Patapita zaka ziwiri nyumba ya malamulo ya Minnesota inakonza lamulo la dera lonse. Lamulo lakale loletsa kuzunzana m'sukulu linali ndi mawu 37 okha. Latsopanoli, limene Bwanamkubwa Mark Dayton anasayina pa 9 Epulo 2014, linalamula sukulu za boma kusankha munthu wolandira madandaulo, kuyamba kufufuza dandaulo pasanathe masiku atatu a sukulu, ndi kuphunzitsa antchito ake. Aphungu otsutsa anati lidzadya ndalama zambiri ndi kulanda mphamvu za makomiti a m'midzi, ndipo linadutsa ndi mavoti ochepa. Sukulu zimene si za boma sizinakakamizidwe kulitsata.

Kwina kumene zinachitikanso

Zofanana ndi zimenezi zinachitika kale ku Britain. Mu 1988, m'nthawi ya Mayi Margaret Thatcher, Nyumba ya Malamulo inaika ndime yotchedwa Section 28, yoletsa makhonsolo kulimbikitsa khalidweli m'sukulu za boma. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anazengedwa mlandu pa ndime imeneyi, komabe aphunzitsi anachita nayo mantha, mwakuti mu 2000 aphungu anachita kuwonjezera mawu ofotokoza kuti ndimeyo siletsa mphunzitsi kuletsa ana kuzunzana. Scotland inaichotsa chaka chomwecho, England ndi Wales mu 2003.

Ndipo mkanganowu sunathe. Mu 2022 dera la Florida, kummwera kwa America, linaika lamulo loletsa kuphunzitsa za nkhaniyi m'makalasi a ana aang'ono, ndipo chiletsocho chinafutukulidwa pambuyo pake kufika m'makalasi apamwamba. Nakonso aphunzitsi anayamba kufunsa kuti malire ali pati, nakonso makolo ena anapita ku bwalo. Mu Malichi 2024 mbali ziwirizo zinagwirizana kuti lamulo likhalebe, koma boma lilembere zigawo zonse za sukulu kuwadziwitsa kuti lamulolo likukhudza zophunzitsa m'kalasi, ndipo sililetsa mphunzitsi kulanditsa mwana amene akuzunzidwa.