Tsiku limene magalimoto a ku America anabangula ku Welkom

Mukaima pa Mpingu madzulo n'kuona anyamata a kabaza akupitirirana pamsewu wa ku Mchinji, mutha kuganiza kuti liwiro linabadwira pomwepo. Koma kodi mukudziwa kuti kuno ku Africa kunachitikapo mpikisano weniweni wa magalimoto angati a NASCAR?

Zinachitika pa 31 January 2010 pabwalo la Phakisa Freeway, pafupi ndi Welkom ku South Africa, dera la migodi ya golide komwe agogo athu ena ankakagwira ntchito kudzera ku Wenela. Bwaloli linatsegulidwa mu 1999, ndipo lili ndi msewu wozungulira ngati dzira wa makilomita pafupifupi 2.5, womangidwa motengera bwalo la ku Las Vegas.

Mpikisanowo, Free State 500, unakonzedwa ndi bungwe la American Speed Association. Kunabwera ngakhale Geoff Bodine, katswiri amene anapambana Daytona 500 mu 1986, koma chikho chinapita kwa John Mickel wa ku Britain.

Magalimotowa kunja amaoneka wamba, koma musanamizike. Zitseko sizitseguka, dalaivala amalowera pawindo. Mkati mwake ndi khola la zitsulo, ndipo mwiniwake amakhala atamangidwa malamba, chipewa cholimba chili kumutu. Makona a msewuwo ndi opendekeka kuti galimoto ikhote isanachepetse liwiro kwambiri.

Ndiye taonani: kumeneko wothamanga amakhala ndi zonsezi, ambulansi ili chire pambali. Nanga mnyamata wathu wopita ku Namitete, atakweza mayi ndi mwana kumbuyo, wopanda n'chipewa chomwe, akudalira chiyani?